Kunenepa sikukhalitsa m'nyumba za mabwana okha

M'Malawi muno mawu akuti "mwanenepatu" ndi moni wachisangalalo. Mtsikana akakwatiwa n'kubwera kudzazonda makolo masaya atatuluka, azakhali ake amaomba m'manja kuti banja lamuyanja. Mnyamata akapeza ntchito m'tauni mimba n'kuyamba kukankha malaya, anzake amamutcha bwana ngakhale asanagule ndi njinga yomwe. Anthu oganiza chonchi ali ndi chifukwa chomveka, pakuti m'dziko lomwe limalimbana ndi njala chaka ndi chaka thupi lodzaza lakhaladi umboni woti pakhomo moto ukuyaka. N'chifukwa chake funso lakuti kodi kunenepa kwambiri kumayenderana ndi chuma cha munthu ambiri amaliyankha msanga kuti inde, ndi vuto la anthu andalama, aziona okha. Yankho limeneli ndikulivomereza mbali imodzi yokha. Mgwirizano wa thupi ndi thumba ulipo ndithu, koma sukhala malo amodzi. Kunenepa kumayambira kwa olemera kenako n'kutsetserekera kwa osauka, ndipo m'matauni mwathu kutsetserekako kwayamba kale. Tikapitiriza kukuona ngati matenda a mabwana, tidzadzidzimuka kutamanga maziko m'makomo a anthu amene alibe ngakhale ndalama ya minibasi yopitira kuchipatala.

Tiyambe tamvana za kunenepa kumene kukunenedwa pano, chifukwa thupi labwino ndi thupi lopyola muyezo ndi zinthu ziwiri. Achipatala amayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake n'kupeza nambala yomwe amaitcha BMI. Nambalayo ikafika pa 25 amati munthu wapyola muyezo, ikafika pa 30 amati wanenepa kwambiri. Kwa mayi wamtali mita imodzi ndi masentimita 60, malire oyambawo ali pa makilogalamu 64 ndipo achiwiriwo ali pafupi ndi 77. Muyezowu uli ndi zofooka zake, sutha kusiyanitsa mnofu wa mnyamata wonyamula matumba a simenti ndi mafuta a munthu wongokhala, koma umathandiza poona mmene anthu a dziko lonse akusinthira. Kafukufuku wa zaumoyo amene bungwe la boma la National Statistical Office lidachita m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adali opyola muyezo, pamene mu 1992 adali pafupifupi 10 okha. Owonda mopyola muyezo adali 7 pa 100 alionse. Tanthauzo lake n'lakuti m'dziko lomwe timaliwerengera m'gulu la osaukitsitsa, amayi olemera thupi mopyola muyezo adali ochuluka katatu kuposa owonda. Kafukufuku yemweyo adaonetsa kuti vutoli n'lochuluka pafupifupi kawiri m'tauni kuyerekeza ndi kumudzi, ndiponso pafupifupi katatu m'mabanja opeza bwino kwambiri kuyerekeza ndi osaukitsitsa. Wonena kuti kunenepa ndi kwa andalama ali ndi manambala omuikira kumbuyo, ndipo sindikufuna kuwabisa.

Koma tiyang'anitsitse amene akutchedwa opeza bwinowo. M'kafukufuku wotere mabanja amagawidwa m'magulu asanu potengera katundu amene ali naye, monga denga la malata, pansi pa simenti, wailesi, njinga ndi magetsi. M'dziko lomwe anthu oposa 70 pa 100 alionse amakhala pansi pa muyezo wa umphawi wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, gulu lapamwambalo ladzaza ndi aphunzitsi apulaimale, amayi ogulitsa kaunjika, makalaliki ndi madalaivala, anthu amene malipiro awo amatha mwezi usanafike pakati. A ku Area 43 ndi ku Namiwawa ndi kagawo kochepa chabe ka gululo. Umboni wina udachokera ku bungwe la kafukufuku la MEIRU, lomwe lidayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndi m'midzi ya kumwera kwa boma la Karonga, n'kutulutsa zotsatira mu 2018. Ku Area 25 amayi 44 pa 100 alionse adali opyola muyezo, abambo 18. M'midzi ya ku Karonga amayi adali 27, abambo 9. Aliyense wodziwa Lilongwe akudziwa kuti Area 25 ndi dera la anthu wamba olimbana ndi lendi, ndipo alimi ndi asodzi a ku Chilumba palibe angawatche mabwana. Ngati mayi mmodzi mwa anayi m'midzi ya ku Karonga wapyola kale muyezo, mawu akuti matenda a olemera atha ntchito.

Zomwe zikutichitikirazi maiko ena adadutsamo, ndipo njira yake n'njodziwika. Mu 1989 akatswiri awiri a ku America, Jeffery Sobal ndi Albert Stunkard, adasonkhanitsa zofufuza zoposa 100 za m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti m'maiko osauka onenepa kwambiri amakhala anthu opeza bwino, pamene m'maiko olemera zimatembenuka, makamaka pakati pa amayi: amene amapeza zochepa ndi amene amanenepa kwambiri. Mu 2004 Carlos Monteiro wa ku Brazil ndi anzake adaunika amayi a m'maiko 37 ongotukuka kumene n'kuona kuti kutembenukako kumayamba chuma cha dziko chikafika pafupifupi madola 2,500 pa munthu aliyense pachaka. Ku England, komwe boma limayeza ana asukulu chaka chilichonse, mwana wa m'dera losauka kwambiri ali pa chiopsezo chonenepa kwambiri choposa kawiri cha mwana wa m'dera lolemera. Pafupi nafe pompa, kafukufuku wa ku South Africa wa 2016 adapeza amayi 68 pa 100 alionse ali opyola muyezo, ndipo ngakhale m'mabanja osaukitsitsa amayi oposa theka adali choncho. Abale athu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town akudya m'misika yomweyo. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wina anena kuti ife tidakali kutali ndi madola 2,500 amenewo, ndiye tida nkhawa ndi mtsinje umene sitinaufike. N'zoona kuti chuma chathu pa munthu aliyense sichinafike ngakhale theka la pamenepo. Komatu malire amenewo adawerengedwa ndi manambala a m'zaka za m'ma 1990, pamene mafuta ophikira otchipa, zakumwa zotsekemera ndi tizakudya ta m'mapepala zidali zisanafike pa okala iliyonse. Lero mwana wa ku Nthalire kapena ku Makanjira amapeza bisiketi ndi tizakumwa ta m'timachubu pa geti la sukulu mosavuta kuposa mmene angapezere dzira lowiritsa. Msika wayenda msanga kuposa malipiro. Chimene chidatenga maiko a ku Ulaya zaka 100 chikutitengera m'badwo umodzi, ndipo chikutipeza tisanathane ndi njala.

Chifukwa chachikulu chimene kunenepa kumatsikira kwa osauka chili pa mtengo wa chakudya. Munthu wa ndalama zochepa akalowa mumsika sayamba waganiza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi azaumoyo amaphunzitsa kusikelo. Amaganiza zoti ana agone atakhuta. Ndipo pa kwacha iliyonse, chimene chimakhutitsa kwambiri ndi ufa, shuga ndi mafuta. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi mphamvu yoposa ya mbale yodzaza ya mpiru wowiritsa. Kumudzi bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mango zimapezeka kuseri kwa nyumba, koma m'tauni chilichonse n'chogula, ndipo nyemba zimafunanso makala a maola awiri kapena atatu. Mayi amene wachoka ku Mbayani kapena ku Mtandire m'bandakucha kupita kukagwira ntchito m'nyumba ya wina, n'kubwerako dzuwa litalowa, alibe nthawi kapena makala ophikira nyemba zimenezo. Kadzutsa wake ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi. Masana ndi tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta amene abwerezedwa kangapo, kapena sikono ndi chakumwa chotsekemera. Usiku ndi nsima yaikulu ya ufa woyera ndi kandiwo kongotsitsira. Chambo adachisiya kalekale, ndipo ngakhale usipa ndi bonya masiku ano zikugulidwa mowerenga. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja sadasiye nsima, adachepetsa ndiwo. Munthu wodya chonchi akhoza kukhuta tsiku lililonse, kulemera kukukwera, koma magazi ali ochepa m'thupi. Bungwe la zachakudya ndi ulimi la FAO limawerengera kuti anthu oposa mabiliyoni awiri ndi theka padziko lonse sangakwanitse kugula chakudya chopatsa thanzi, ndipo mu Africa muno ndi anthu ambiri amene ali m'gulu limeneli.

Palinso nkhani ya ulemu imene sitiyenera kuinyoza. Kwa zaka zambiri mgaiwa udatengedwa ngati chakudya cha kundende, cha kusukulu yogonera komweko ndi cha nthawi ya njala, pamene nsima yoyera mbee ndiyo yolandirira alendo. Mbatata, chinangwa ndi maungu pa kadzutsa zidaoneka zachimidzi, buledi wopaka majarini n'kukhala chizindikiro choti munthu wafika m'tauni. Botolo la chakumwa chotsekemera lidali la pa Khirisimasi ndi paukwati, ndiye munthu amene adakula akulisirira akayamba kupeza kandalama amafuna kuti ana ake asalisirire. Palibe uchitsiru pamenepa, ndi chikondi cha kholo. Vuto n'lakuti botolo limodzi laling'ono lili ndi shuga wokwana timasupuni ta tiyi pafupifupi 8, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole timasupuni 12 pa tsiku lonse kuphatikizapo wa mu tiyi ndi m'phala. Ndipo chodabwitsa n'chakuti anthu ophunzira ndi andalama ndi amene ayamba kubwerera ku mgaiwa, thobwa la mawere ndi therere atamva malangizo a madokotala awo, pa nthawi imene osauka akungofika kumene pa zakudya zomwe olemerawo akuzithawa. Kutembenuka kuja kumayamba chonchi.

Ntchito nayonso yasintha. Khasu, mtondo, mtolo wa nkhuni ndi ulendo wa kuchitsime zimawotcha zonse zimene munthu wadya. Wosamukira m'tauni amasiya zonsezi koma kukula kwa mtanda wa nsima kumakhala komweko. Mayi wogulitsa tomato amakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mlonda amakhala pa geti, telala pa makina. Kabaza wa njinga yamoto wafupikitsa ngakhale maulendo amene kale tinkayenda pansi. Wandalama akafuna kulimbitsa thupi amalipira ku malo ochitirako masewera kapena amathamanga m'misewu yaphula ya m'dera lake. Mayi wa ku Ndirande athamanga kuti, nthawi yanji, ndipo anthu amunena zotani? Misewu yambiri ya m'matauni mwathu ilibe njira za oyenda pansi kapena magetsi ausiku, ndipo mabwalo ambiri omwe ana ankaseweramo mpira adasanduka mapuloti. Apa mpamenenso pakuonekera chifukwa chimene manambala a amayi akuposera a abambo kawiri kapena katatu. Abambo osauka ambiri akugwirabe ntchito zamphamvu, kuumba njerwa, kupalasa kabaza, kusenza katundu, pamene amayi amawonjezera thupi pa uchembere uliwonse n'kukhala pa ntchito zongokhala pansi.

Mfundo imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi yokhudza ana, chifukwa imasonyeza kuti njala ndi kunenepa ndi nthambi za mtengo umodzi. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kudagwa njala yoopsa asilikali a Germany atatseka njira za chakudya. Patapita zaka, ofufuza adaunika anyamata pafupifupi 300,000 amene ankayezedwa polowa usilikali, n'kupeza kuti amene amayi awo adakumana ndi njalayo m'miyezi yoyambirira ya pakati ndi amene adali onenepa kwambiri pa zaka 19. Dokotala wina wa ku England, David Barker, adasonyezanso m'zaka za m'ma 1980 kuti ana obadwa ndi sikelo yotsika amadzadwala kwambiri matenda a mtima akakula. Kufotokoza kwake n'kwakuti thupi lomwe lakula mosowa limazolowera kusunga kalikonse, ndiye likadzapeza chakudya chambiri chamafuta ndi shuga limalephera kupirira. Tsopano taganizani za dziko lathu. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ali opinimbira, ndipo mu 2010 adali 47. Ana opinimbirawo si a mabwana. Ndi amene lero ali anyamata ndi atsikana, ndipo ambiri a iwo akulowera ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kukasaka maganyu, komwe akukapeza chiwaya chikuwadikira. Thupi lomwe lidapangidwira njala likukakumana ndi msika wa shuga ndi mafuta. Si zachilendonso kupeza pakhomo limodzi mayi wopyola muyezo akulera mwana wopinimbira, onse akudya m'mbale imodzi ya chakudya chokhutitsa koma chosamanga thupi.

Apa ndiye pali yankho kwa amene amati dziko lomwe likupemphabe chimanga lisataye nthawi ndi za kunenepa. Mfundo yawo ndi yolemera. Chilala cha El Niño cha 2024 chidasiya anthu mamiliyoni angapo akusowa chakudya, ndipo ana akulandirabe chiponde m'zipatala. Ndalama za unduna wa zaumoyo n'zochepa, malungo, chifuwa chachikulu ndi Edzi sizinathe. Koma sindikupempha kuti tichotse ndalama kwa mwana wanjala n'kupatsa munthu wonenepa. Zambiri zimene zimateteza mwana kuti asapinimbire ndi zomwezo zimene zimamuteteza kuti asadzanenepe mopyola akakula: mayi woyembekezera kudya bwino, kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, phala lothira nsinjiro kapena soya, ndiwo zakasinthasintha. Cholakwika chathu n'chakuti kwa zaka zambiri tayeza chakudya cha dziko ndi matumba a chimanga okha. Chuma chochuluka cha unduna wa zaulimi chakhala chikupita ku feteleza wotchipa wa chimanga, pamene nyemba, nandolo, mtedza, masamba, zipatso ndi nsomba za m'maiwe zikungotolera nyenyeswa. Ndondomeko yotere imadzaza mimba, koma imabala mavuto onse awiri.

Ena amati munthu aliyense amasankha yekha chimene akuika m'kamwa, ndiye wonenepa adziimbe mlandu yekha. Sindikukana kuti munthu ali ndi mbali yake. Pali amene angathe kuchepetsa shuga mu tiyi, mowa wa Loweruka ndi kanyenya wake popanda kuwonjezera tambala, ndipo ayenera kutero. Koma maganizo oti zonse ndi kusadziletsa amalephera kufotokoza zimene zachitika. WHO ikuti pofika 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu padziko lonse adali wonenepa kwambiri, anthu oposa biliyoni imodzi, ndipo pakati pa akuluakulu chiwerengerochi chidakwera koposa kawiri kuchokera mu 1990. Kodi anthu a maiko onse adagwa ulesi ndi dyera pa nthawi imodzi? Amayi a ku Malawi a 2016 sadali osadziletsa kuposa amayi awo a 1992. Chidasintha ndi chakudya chomwe chili pafupi, mtengo wake ndi ntchito imene anthu akugwira. Kusankha kumafuna kuti pakhale zinthu ziwiri zoti usankhepo, ndipo wa malipiro otsika nthawi zambiri amakhala ndi chimodzi. Kuchititsa manyazi munthu wonenepa, kumuseka m'minibasi kuti alipire mipando iwiri kapena kumukalipira kuchipatala, sikumuchepetsa thupi, kumangomuthawitsa kumalo kumene akadathandizidwa. Zonena kuti ndi kumtundu nazonso zili ndi choonadi chake, popeza matupi amasiyana potengera makolo, koma mtundu wa anthu susintha m'zaka 25.

Chikhalidwe chathu chokonda thupi lodzaza chili ndi bala lina lomwe anthu ochokera kunja salimvetsa. M'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, kuwonda kudali chizindikiro cha imfa. Anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ndipo munthu akatsika thupi mudzi wonse unkamuweruza. Mantha amenewo sanatheretu. Mayi amene dokotala wamuuza kuti achepetse makilogalamu khumi amadziwa kuti akatero apongozi afunsa ngati mwamuna wake akumuzunza, ndipo anzake a kumpingo ayamba kumuyang'ana mwachifundo. Mkazi wophunzira wa mu ofesi akhoza kunena kuti ali pa dayeti anzake n'kumuyamikira. Mkazi wa kumsika alibe chitetezo chotero. Motero ngakhale ufulu wochepetsa thupi popanda kunenedwa umatsata maphunziro ndi chuma. Uthenga wa zaumoyo umene sulabadira zimenezi, wongotengedwa m'mabuku a kunja, ugwera pamwala. Uyenera kuchokera m'kamwa mwa anthu amene mudzi umawakhulupirira, alangizi azaumoyo, amayi a m'magulu a chisamaliro, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndipo ukambe za kuthamanga kwa magazi, maondo ndi shuga, osati za maonekedwe.

Ngakhale titavomereza kuti lero onenepa ambiri ali m'gulu la opezako bwino, funso lina limatsala: matenda akabwera, amapweteka kwambiri ndani? Kunenepa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa ziwalo, matenda a mtima ndi impso, khansa zina ndiponso mavuto pa uchembere. Kafukufuku wa MEIRU uja adapeza kuti mwa anthu amene adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, 58 pa 100 alionse sankadziwa, ndipo mwa odwala shuga 41 pa 100 alionse sankadziwa. Wandalama ali ndi kamakina koyezera kunyumba, ali pa sikimu ya chipatala, ndipo mankhwala akasowa ku chipatala cha boma amakagula ku famase. Wosauka amadziwa kuti ali ndi BP tsiku limene wagwa kumsika mkono ndi mwendo zitaleka kugwira, kapena amadziwa za shuga chilonda cha kuphazi chitakana kupola mpaka madokotala n'kunena zodula. Makina otsuka impso ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth, ndipo mzere wake ndi wautali. Wodwala chonchi akakhala amene amadyetsa banja, ana amasiya sukulu, katundu amagulitsidwa, banja lomwe linkangoyamba kutukuka limabwerera pomwe lidachokera. Kunenepa kukhoza kuyambira pa kandalama kochepa, koma mathero ake kawirikawiri ndi umphawi.

Maiko ena ayesa msonkho wa zakumwa zotsekemera, ndipo ndikuona kuti ifenso tiuganizire mozama. Mexico idaika peso imodzi pa lita mu 2014, ndipo kagulidwe kadatsika, makamaka m'mabanja osauka. Britain ndi South Africa adayamba wawo mu Epulo 2018, wowerengera kuchuluka kwa shuga m'chakumwa, zomwe zidachititsa makampani ambiri kuchepetsa shuga kuti alipire zochepa. Zimbabwe idatsatira mu 2024, n'kunena kuti ndalamazo zigulire zipangizo za matenda a khansa. Odandaula amati msonkho wotere umafinya osauka, komanso kuti nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa zimalemba ntchito anthu masauzande, ndipo shuga wathu amathiridwa vitamini A amene wathandiza ana. Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake msonkhowo uyenera kulunjika pa zakumwa za m'mabotolo ndi m'timachubu, osati pa paketi ya shuga wa phala la mwana. Chakumwa chotsekemera si ufa kapena mchere, banja likhoza kukhala popanda icho, ndipo amene amavutika kwambiri ndi matenda a shuga ndi osauka omwewo. Koma msonkhowo ungakhale wachilungamo pokhapokha ndalama zake zitaoneka kumene zapita, kukagula mankhwala a BP ndi shuga m'zipatala zazing'ono, osati kumira m'thumba lalikulu la boma. Chile nayo mu 2016 idayamba kutsata lamulo lakuti zakudya za shuga, mchere kapena mafuta ambiri zizikhala ndi chizindikiro chakuda kutsogolo kwa paketi, chomwe ngakhale wosadziwa kuwerenga amachizindikira. Kwa ife amene zolembedwa pa mapaketi zili m'Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, imeneyi ndi njira yothandiza wosauka kuposa wina aliyense.

Zina sizifuna lamulo latsopano la Nyumba ya Malamulo. Makhonsolo a mizinda angathe kuteteza mabwalo a masewera amene atsala ndi kuika njira za oyenda pansi pa misewu imene ikumangidwa. Makomiti a sukulu angathe kukambirana ndi amayi ogulitsa pa geti kuti pambali pa mandasi pakhalenso nthochi, mtedza wokazinga, chimanga chowotcha ndi mbatata yophika, popanda kuwalanda malonda awo. Ndipo m'zipatala tili kale ndi chitsanzo chochokera ku boma la Neno, limodzi mwa maboma ovuta kufikako, komwe achipatala cha boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adaphatikiza chithandizo cha HIV ndi cha matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu m'kiliniki imodzi, kotero kuti mlimi wa ku Lisungwi sayenda maulendo awiri pa matenda awiri. Mayi aliyense amene amabwera ndi mwana kusikelo amakhala atafika kale pamalo pomwe pali sikelo ndi mlangizi. Kumuyeza nayenso kulemera ndi kuthamanga kwa magazi pa ulendo womwewo kumafuna mphindi zisanu, kamakina koyezera kamene kali ndi mabatire, ndi mankhwala m'kabati akapezeka ndi vuto.